Dokowe Alibe Pasipoti: Mafunso ndi Mayankho pa Mgwirizano wa Mayiko Woteteza Mbalame za M'madzi

Mwezi wa November ukamatha, mitambo itayamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Zomba, kudambo la Chilwa kumafika alendo omwe sadutsa pachipata cha Mwanza kapena cha Songwe. Ena ndi timbalame tamiyendo ngati ndodo tomwe timathamangathamanga m'matope, ena ndi adokowe oyera a milomo yofiira omwe amayenda mwachifatse m'minda yongolimidwa kumene. Mlenje wa ku Kachulu akaziona amaona ndiwo. Mlimi wa ku Poland, yemwe padenga la khola lake pali chisa chomwe dokowe wasiya, amawerenga miyezi kudikira kuti mlendo wake abwerere. Mbalame ndi imodzimodziyo koma eni ake ndi ambiri, ndipo sadziwana. Mpake kuti mayiko anafika pokhala pansi n'kulemberana mapangano.

Tikamati mbalame za m'madzi tikunena ziti, ndipo n'zoonadi kuti zina zimachokera kutsidya la nyanja?

Ndi mbalame zonse zomwe moyo wake umadalira nyanja, mitsinje, madambo ndi matope a m'mbali mwa nyanja zamchere: abakha am'tchire, atsekwe, akakowa, adokowe, vuwo, nantchengwa, ndi timbalame tambirimbiri tofufuza nyongolotsi m'matope. Zina ndi zathu zapakhomo, zimaswera konkuno. Zina zimangozungulira mu Africa momwemuno kutsata mvula. Koma zilipo zomwe zimaswera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Russia, n'kuthawa chisanu kubwera kuno nthawi yathu ya dzinja.

Azungu nawonso anatenga nthawi kuti akhulupirire zimenezi. Kalekale ena ankati mbalame zikasowa nthawi yozizira ndiye kuti zabisala m'matope pansi pa maiwe. Chomwe chinawatsegula m'maso chinachitika mu 1822 pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany. Kumeneko kunapezeka dokowe ali ndi mkondo wautali pafupifupi masentimita 80 utamupyoza pakhosi, ndipo mtengo wa mkondowo unali wa pakati pa Africa. Mlenje wina wa kuno anamulasa, mbalameyo siinafe, inauluka nawo mkondowo ulendo wonse mpaka kwawo. Dokoweyo anaumitsidwa ndipo akusungidwabe ku yunivesite ya Rostock. Ndikaganiza za mlenje uja, yemwe mwina anabwerera kunyumba akudandaula kuti wataya ndiwo ndi mkondo womwe, ndimaona kuti ndi iyeyo anatumiza kalata yoyamba pa nkhani imeneyi.

Kenako mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala kumwendo. Masiku ano amaziveka ngakhale timakina totumiza uthenga ku setilaiti. Ndi momwe tadziwira kuti adokowe safuna kuwoloka nyanja yaikulu, chifukwa amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pamtunda kuti uwanyamule. Ochokera kum'mawa kwa Ulaya amadzera pa Istanbul, kutsika ndi Israel, kulowa mu Egypt, n'kutsata mtsinje wa Nile kubwera kummwera kuno.

Nanga dziko lililonse silingangosamala madambo ake, basi nkhani n'kuthera pomwepo?

Taganizirani basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg. Iyenera kumwera mafuta panjira, anthu ayenera kutsika n'kudya, ndipo iyenera kuwoloka pa Tete ndi pa Beitbridge. Mlatho umodzi wokha utagumuka, zilibe kanthu kuti depoti ya ku Blantyre ndi yosesedwa bwanji, ulendo wafa. Mbalame zoyenda mitunda italiitali zili chimodzimodzi. Zili ndi malo oswera, malo opumira panjira ndi malo othera nyengo yozizira, ndipo malowa amakhala m'mayiko osiyanasiyana.

Chitsanzo chowawa chili ku South Korea. Pamalo otchedwa Saemangeum panali chigwa chachikulu cha matope chomwe madzi a nyanja amati akaphwera, mbalame zochokera ku Australia popita ku Siberia zinkateramo n'kudya kuti zipeze mphamvu. Boma linamanga khoma la makilomita 33 kutchinga nyanja kuti lipeze malo a minda ndi mafakitale, ndipo khomalo linatsekedwa mu 2006. Mbalame zotchedwa great knot zinatsika chiwerengero ndi masauzande ambirimbiri. Anthu owerenga mbalame ku Australia, omwe magombe awo anali osamalidwa bwino lomwe, anangoona kuti alendo awo achepa. Sanalakwe kanthu iwowo, mlatho unagumukira kwina.

Pali mbalame ina yomwe mgwirizano unaipeza mochedwa. Dzina lake ndi slender-billed curlew, ya mlomo wautali wokhota. Inkaswera ku Siberia n'kumathera chisanu m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Inaoneka komaliza mosakayikitsa mu 1995 padambo la Merja Zerga ku Morocco, ndipo mu 2024 akatswiri analengeza kuti inatheratu padziko lapansi. Chaka cha 1995 chomwecho ndi chomwe mayiko ankamaliza kulemba pangano la AEWA, lomwe linayenera kuiteteza.

Timamva za Ramsar pawailesi chaka chilichonse. Ndi chiyani kwenikweni?

Ramsar ndi dzina la tauni ya ku Iran yomwe ili m'mbali mwa nyanja ya Caspian. Kumeneko pa 2 February 1971 nthumwi za mayiko zinagwirizana za pangano losamalira madambo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1975. N'chifukwa chake tsiku la 2 February limakumbukiridwa ngati tsiku la madambo padziko lonse. Omwe analiyambitsa anali makamaka anthu okonda mbalame, moti dzina lake lonse limatchula madambo ofunika padziko lonse, makamaka ngati malo okhala mbalame za m'madzi. Lero mayiko oposa 170 ali m'panganoli, ndipo malo olembedwa m'kaundula wake apitirira 2,500. Ofesi yake ili ku Gland m'dziko la Switzerland, ndipo mu 2022 utsogoleri wa ofesiyo unaperekedwa kwa mayi wochokera ku Zambia, Musonda Mumba. Msonkhano waukulu wa mayiko onsewa unachitikira pafupi pompa, ku Victoria Falls m'dziko la Zimbabwe, mu July 2025.

Dziko likamalowa limalonjeza kulembetsa dambo limodzi kapena angapo, kusamala madambo ake onse, ndi kukambirana ndi oyandikana nawo pa madzi omwe amagawana. Kuti dambo lilembedwe chifukwa cha mbalame pali miyeso iwiri yodziwika bwino. Woyamba ndi woti pazipezeka mbalame za m'madzi zosachepera 20,000 kawirikawiri. Wachiwiri ndi woti pazikhala mbalame imodzi mwa 100 zilizonse za gulu lonse la mtundu winawake.

Chomwe ambiri sadziwa, ngakhale ena ovala mataye, n'chakuti Ramsar si mpanda. Silisandutsa dambo kukhala nkhalango yotetezedwa ngati Liwonde kapena Lengwe. Mfundo yake yaikulu ndi kugwiritsa ntchito mwanzeru: wosodza asodze, wolima mpunga alime, wodula bango adule, koma mosatha mphamvu ya dambolo yodzibwezeretsa.

Malawi ali pati pa zonsezi?

Tinalowa m'pangano la Ramsar mu 1997, ndipo malo athu oyamba anali nyanja ya Chilwa pamodzi ndi madambo ake, mahekitala 224,800 m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mu 2017 tinawonjezera dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, lomwe David Livingstone analipatsa dzinali mu 1859 ataona njovu mazanamazana. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame zikadalipo. Anzathu a ku Zambia analembetsa Kafue Flats ndi madambo a Bangweulu mu 1991, ndipo a ku Mozambique analembetsa mathiriro a Zambezi komanso mbali yawo ya nyanja ya Malawi, yomwe iwo amaitcha Niassa.

Chilwa ndi nyanja yachilendo. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, koma palibe mtsinje wotulukamo. Ndi yosaya, moti munthu amayendetsa bwato ndi mponda pamalo ambiri, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana imauma. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato atagona pamatope ong'ambika. Kusaya komweko ndiko kumakoka mbalame, chifukwa chakudya chili pafupi ndipo njedza zowirira zimapereka pobisala. Kum'mawa kwake nyanjayi yatsamira malire a Mozambique, ndipo madzi ena amachokera kumeneko. Ngakhale titaiwala za mbalame za ku Ulaya, Chilwa payokha ndi nkhani ya mayiko awiri.

Nanga AEWA yomwe imatchulidwanso ikusiyana bwanji ndi Ramsar?

Ramsar imayang'ana malo, AEWA imatsata mbalame. AEWA ndi pangano la mayiko a mu Africa, Ulaya, Middle East ndi mbali ina ya Asia, lomwe linamalizidwa ku The Hague mu 1995 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1999. Linabadwa kuchokera ku pangano lina lalikulu la nyama zoyendayenda lomwe linasainidwa ku Bonn mu 1979, ndipo ofesi yake ili ku Bonn komweko. Limakhudza mitundu 255 ya mbalame m'dera la mayiko 119. Malawi analowa mu 2019.

Ntchito yake ndi yatsatanetsatane. Mitundu ya mbalame imaikidwa m'magulu: zomwe siziyenera kuphedwa n'komwe, zomwe zingaphedwe mosamala, ndi zomwe zilipo zambiri. Mitundu yomwe ili pachiswe imalembedwera ndondomeko yakeyake, ndipo mayiko onse omwe mbalameyo imadutsamo amagawana zochita. Nkhani imodzi yomwe AEWA inalimbana nayo kwa zaka zambiri ndi ya zipolopolo zamtovu. Mfuti yosakira abakha imamwaza timipira tambirimbiri, ndipo tambiri timagwera m'matope. Bakha alibe mano, amameza timiyala kuti tizipera chakudya m'nthutumba, ndiye amameza timipirato poyesa miyala, mtovu n'kumupha pang'onopang'ono. Mayiko a European Union analetsa zipolopolo zoterezi m'madambo kuyambira February 2023. Zinatenga zaka zoposa 20 kuchokera pomwe lonjezolo linalembedwa.

Kumadera ena a dziko kuli migwirizano yakeyake. America ndi Canada anagwirizana za mbalame zoyendayenda kale mu 1916. Kum'mawa kwa Asia ndi Australia kuli mgwirizano womwe unakhazikitsidwa ku Bogor m'dziko la Indonesia mu 2006, womwe si pangano lomanga mwalamulo koma bwalo lomwe maboma, mabungwe ndi makampani amakumanapo mwakufuna kwawo. Njira ya kumeneko ndi yomwe imadutsa kambalame kotchedwa bar-tailed godwit. Mu 2022 kamodzi, ka miyezi 5 yokha, kanauluka kuchoka ku Alaska mpaka ku Tasmania, makilomita 13,560 m'masiku 11, osatera ngakhale kamodzi.

Mbalame zimauluka. Amaziwerenga bwanji kuti adziwe kuti zachepa kapena zachuluka?

Amaziwerenga nthawi imodzi paliponse. Kuyambira 1967, mwezi wa January uliwonse anthu masauzande, ambiri mwa iwo ongodzipereka, amapita kumadambo ndi zoonera patali ndi kope m'manja. Kalemberayu amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International, ndipo mu Africa muno amachitikanso mu July. Amasankha January chifukwa ndi nthawi yomwe mbalame zambiri zakhazikika, sizili paulendo, choncho mpata wowerenga mbalame imodzi kawiri ndi wochepa. Gulu likakhala lalikulu sawerenga imodzi imodzi. Amawerenga 10 kapena 100, n'kuona kukula kwa kagawo kameneko, kenako n'kumayeza gulu lonse ndi maso monga amachitira mayi wogulitsa matemba pamulu.

Kuno kwathu ntchitoyi imagwera a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947 ndipo ndi bwenzi la BirdLife International. Miyeso ija ya 20,000 ndi imodzi mwa 100 imachokera m'makope amenewa. Dambo lomwe palibe waliwerenga silingalembedwe pa miyeso imeneyi, ngakhale mbalame zitadzaza bwanji.

Tinene zoona. Kodi uku si kuletsa munthu wosauka ndiwo pofuna kusangalatsa mzungu wokhala ndi kamera?

Funso ili ndiye mwini nkhani, ndipo yemwe amalizemba sanakhalepo m'mbali mwa Chilwa mwezi wa January. Nthawi imeneyo nkhokwe zapepuka, chimanga chili m'mawondo, usodzi ndi wotsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo mwana akufuna fizi. Bambo amalawira m'bandakucha ndi bwato kulowa m'njedza momwe anatchera dzulo. Ena amatchera makhwekhwe a ulusi m'tinjira ta mbalame, ena amapaka ulimbo patimitengo, ena amakunga maukonde, ndipo ochepa okhala ndi mfuti amasaka abakha ndi atsekwe. Dzuwa likamakwera mbalame zija zasosoledwa, zawaulidwa, zakazingidwa mpaka kufiira, ndipo zili m'dengu pamutu kapena pakaliyala ya njinga kulowera kumsika. Ndalama yake ndi ya ufa wa tsiku limenelo. Kafukufuku wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pa Chilwa chaka chilichonse, ndi alenje osakwana 500. Anapezanso kuti nyanja itauma mu 1995, nsomba zitasowa, asodzi ambiri anatembenukira ku mbalame.

Wobwera ndi lamulo loletsa basi, popanda china m'manja, angonyozedwa. Ndipo mapanganowa, mukawawerenga bwino, sanena zimenezo. AEWA imavomereza kusaka, bola kusamalize mtundu. Umboni wake uli ku Ulaya komweko. Kuli tsekwe wa miyendo yofiirira yemwe amaswera pazilumba za Svalbard, kudutsa ku Norway, n'kukathera chisanu ku Denmark, Netherlands ndi Belgium. Atsekwewa atachuluka n'kuyamba kuwononga minda, mayiko anayiwa anakhala pansi pamodzi ndi alimi, alenje ndi okonda mbalame, n'kugwirizana kuti chiwerengero chizikhala cha m'ma 60,000. Chaka chilichonse amawerenga, kenako n'kuuza alenje kuti chaka chino muphe zingati. Ngati mlenje wa ku Denmark, yemwe amasaka pongosangalala, ali ndi mpando pabwalo, wa ku Mposa, ku Chilwa kuno, yemwe amasakira mimba angamanidwe bwanji?

Ku Chilwa njira imeneyi inayesedwa. Mothandizidwa ndi bungwe la alenje a ku Denmark pamodzi ndi nthambi ya ku Zomba ya bungwe lathu la zachilengedwe lija, alenje a mbalame anapanga makalabu awo. Anagwirizana okha za malo opatulika omwe mbalame ziziswerako osasokonezedwa, za nyengo yotseka, za chiphaso cha mlenje ndi chindapusa kwa wophwanya, mafumu ali pomwepo. Nzeru yake ndi yosavuta. Mlonda wa boma sangalondere njedza zonse za Chilwa, koma mlenje amadziwa yemwe walowa m'dambo usiku. Vuto la ntchito zoterezi kwathu kuno n'lodziwika: pulojekiti ikatha, galimoto zikabwerera kutauni, misonkhano imayamba kuzilala. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe mgwirizano wa mayiko umayesedwa zenizeni, osati m'mahotela momwe nthumwi zimawomberana m'manja.

Kwina zinayenda bwino. Ku Myanmar, pagombe la Mottama, kumafika kambalame ka mlomo ngati supuni kotchedwa spoon-billed sandpiper, komwe kamaswera kumpoto chakum'mawa kwa Russia ndipo katsala mazana ochepa okha. Ofufuza anapeza kuti tambiri tinkakodwa m'maukonde a alenje osauka omwe cholinga chawo chinali mbalame zikuluzikulu. Sanawamange. Anakambirana nawo, alenjewo anasainira kusiya, ndipo anapatsidwa zipangizo za usodzi ndi ziweto. Ku Mauritania, pagombe la Banc d'Arguin pomwe mbalame pafupifupi mamiliyoni awiri zochokera kumpoto zimathera chisanu, asodzi a mtundu wa Imraguen amaloledwa kukhala ndi kusodza m'malo otetezedwawo, koma ndi mabwato oyendera mphepo, osati a injini. Lamulo lomwe limatchinga zombo zikuluzikulu zakunja ndi lomwenso limawasungira nsomba iwowo.

Dziko likaphwanya pangano limalangidwa?

Ayi. Palibe khoti, palibe chindapusa, palibe polisi wa Ramsar. Chomwe chilipo ndi manyazi ndi maso a anthu. Dambo lolembedwa likayamba kuwonongeka lingathe kuikidwa pamndandanda wapadera wotchedwa Montreux Record, ndipo akatswiri amatumizidwa kukalangiza, koma zonsezi zimachitika dziko lenilenilo likavomera.

Nthawi zina manyaziwo amaluma. Nyanja ya Natron kumpoto kwa Tanzania ndi komwe kumaswera pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mbalame za lesser flamingo zapadziko lonse, zofiirira zija zomwe zimakongoletsa nyanja za ku Kenya. Kutabwera maganizo omanga fakitale yokumba soda pamenepo, mabungwe a m'mayiko ambiri anakuwa pamodzi potchula kuti malowo ali m'kaundula wa Ramsar, ndipo mu 2008 kampani ya Tata Chemicals inabwerera m'mbuyo. Ku China, patapita zaka zambiri akukwirira magombe amatope, boma linakhwimitsa lamulo mu 2018, ndipo mu 2019 magombe a ku Yancheng analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse. South Korea, mwini wake wa khoma la Saemangeum, analembetsanso ena mwa magombe ake otsala mu 2021.

Koma tisanamizane. Khoma la Saemangeum linamalizidwa South Korea ili kale m'pangano la Ramsar. Ndipo Chilwa wakhala m'kaundula kuyambira 1997, koma mitengo m'mapiri momwe mitsinje yake imachokera yapitirira kudulidwa, dothi likukokolokera m'nyanja, ndipo minda ikulowerabe m'dambo. Satifiketi yopachika pakhoma sitchinga matope.

Kodi mbalame zimenezi sizomwe zimabweretsa chimfine cha mbalame?

Zimatha kuchinyamula, inde, ndipo nazonso chimazipha. Mu 2005 atsekwe ndi mbalame zina masauzande zinafa panyanja ya Qinghai ku China. Kumayambiriro kwa 2021 avuwo mazanamazana anafa kudambo la Djoudj ku Senegal, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho mbalame za crane masauzande zinafera m'chigwa cha Hula ku Israel. Kupha mbalame zakutchire kapena kuumitsa madambo sikuthandiza, kumangozibalalitsa n'kufalitsa matendawo. Chothandiza n'kudziwitsana msanga pakati pa mayiko a panjira imodzi, ndi kusalola nkhuku ndi abakha oweta kusakanikirana ndi zam'tchire. Mukapeza mbalame zambiri zitafa malo amodzi musazigwire, musazidye, uzani alangizi a ziweto.

Munthu yemwe mbalame alibe nazo ntchito apindulanji?

Apindula dambo. Matemba omwe amadyedwa ku Ndirande ndi ku Mbayani, makumba, milamba yowamba, mpunga wa ku Domasi ndi Likangala, msipu wa ng'ombe m'chilimwe, bango ndi njedza zomangira, zonsezi zimachokera m'madzi omwewo momwe kakowa amaima ndi mwendo umodzi. M'zaka zabwino Chilwa wakhala akupereka gawo lalikulu la nsomba zonse za dziko lino, chikhalirecho ndi kanyanja kosaya. Kumunsi kwa Shire, Elephant Marsh amamwa madzi osefukira n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo aliyense yemwe anaona zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023 safunika kuuzidwa kufunika kwa malo oti madzi akapumire.

Mbalame zili ngati belu. Zikayamba kusowa padambo, ndiye kuti madzi aipa, kapena namasupuni waphimba, kapena chakudya chatha, ndipo nsomba sizichedwa kutsatira. Zina zimagwiranso ganyu m'munda osalipidwa. Adokowe amatsata dzombe ndi ntchemberezandonda, moti gulu lawo likatera m'munda momwe mbozi zabuka, mlimi wanzeru amaletsa ana kuwagenda. Zigwa za Chilwa ndi amodzi mwa malo odziwika oswera dzombe lofiira m'chigawo chino cha Africa.

Sitingabise kuti abakha ndi atsekwe amadyanso mpunga. Mlimi yemwe wagona m'munda usiku wonse akuwomba chitini ali ndi dandaulo lomveka, ndipo ndondomeko iliyonse yosamumvera ndi yopunduka.

Nditapeza mbalame ili ndi mphete kumwendo ndichite chiyani?

Musaope, si zamatsenga, ndipo simumangidwa chifukwa chonena. Mpheteyo imakhala ndi nambala ndi dzina la malo komwe inachokera, mwina London, Helsinki, Moskva kapena Cape Town, komwe kuli ofesi ya SAFRING yosunga kaundula wa mbalame zovekedwa mphete kummwera kwa Africa. Ngati mbalameyo ili moyo, lembani zonse zolembedwa pampheteyo kapena jambulani ndi foni, kenako muimasule mphete ili pomwepo. Ngati yafa, vulani mpheteyo, muiwongole, ndipo mulembe tsiku ndi malo omwe mwaipeza ndi momwe inafera, kaya pamsampha, kaya pawaya wa magetsi. Kaperekeni kwa a nthambi ya nyama zakutchire kapena ku Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kwinakwake kuli munthu yemwe anakwera makwerero kukaveka mwanapiye mphete imeneyo pachisa, ndipo mpaka lero sakudziwa komwe mbalame yake inathera. Inu amalume a ku Kachulu, ku Chisi ndi ku Namanja, mphete zomwe mwasunga m'chitini zija kaziperekeni.